Tisamabise zolakwa zathu m'mitambo

M'chaka cha 2021 kum'mwera kwa Madagascar kunagwa njala yoopsa. Mvula inali italephera zaka ziwiri zotsatizana, anthu oposa 1 miliyoni analibe chakudya, ena mpaka anafika podya dzombe ndi masamba akutchire. Akuluakulu a bungwe la World Food Programme anauza dziko lonse kuti imeneyi ikhoza kukhala njala yoyamba kudza chifukwa cha kusintha kwa nyengo, ndipo manyuzipepala akuluakulu anatola mawuwo n'kuwawanditsa. Kenaka mu Disembala chaka chomwecho, gulu la akatswiri lotchedwa World Weather Attribution, lomwe ntchito yake n'kufufuza ngati ngozi yakutiyakuti yakulitsidwa ndi kutentha kwa dziko, linatulutsa zomwe linapeza. Linati ayi. Kuchepa kwa mvula kotere kumachitika kuderali mwa apo ndi apo ngakhale popanda dzanja la munthu, ndipo chomwe chinasandutsa chilala kukhala njala ndi umphawi, misewu yoipa, ulimi wodalira mvula yokha, ndi mliri wa Covid-19 womwe unatsekereza anthu kupita kukasaka maganyu kwina.

Taonani amene anakayikira apa. Sanali andale a ku America odana ndi nkhani za chilengedwe, sanalinso eni makampani a mafuta. Anali akatswiri omwewo amene miyezi yochepa m'mbuyomo ananena kuti kutentha komwe kunawamba mudzi wa Lytton ku Canada, kufika madigiri 49.6, sikukanafika pamenepo dziko likanakhala lisanatenthe ndi utsi wa anthu. Pomwe panali umboni anavomera, pomwe panalibe anakana, ngakhale kukanako sikunakomere mabungwe omwe anali pakalikiliki kupempha ndalama za thandizo. Kukayika kotereku ndi komwe kukusowa kuno kwathu. Kuno mawu oti "kusintha kwa nyengo" asanduka yankho la funso lililonse. Mlatho ukakokoloka, chimanga chikakwera mtengo, magetsi akazima, kolera akabuka, bwana amatulukira pa wailesi ndi mawu omwewo, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndikuti dziko likutenthadi, ndipo amene akutsutsa zimenezi akulakwitsa. Koma ndikutinso maliro ambiri omwe timalira ikagwa ngozi amachokera m'manja mwathu, ndipo amene amaponya zonse kumwamba akutisocheretsa mofanana ndi otsutsa aja.

Tiyambe ndi agogo akumudzi ndi abambo a pabawo, omwe akamva nkhaniyi amangopukusa mutu, amvekere: "Zimenezo n'za azungu, nyengo inayamba kale kusinthasintha." Anthu a sukulu amawaseka. Komatu mukakhala pansi n'kuwamvetsera, mupeza kuti ali ndi mbiri m'mutu yomwe ambiri a m'maofesi alibe. Amakumbukira njala ya 1949, pomwe galimoto m'dziko muno zinali zowerengeka ndipo mafakitale a ku China anali ochepa. Amadziwa kuti nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, anthu n'kumafika pachilumba cha Chisi wapansi, kenaka inadzazanso matemba n'kubwerera. Zolemba zakale zikuwavomereza. Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935, nyanja ya Malawi inatsika kwambiri moti mtsinje wa Shire unasiya kutulukamo. Pakamwa pake ku Mangochi panatsekeka ndi mchenga ndi bango. Tikanakhala kuti tinali titamanga kale Nkula ndi Tedzani nthawi imeneyo, dziko likanakhala mumdima zaka 20. Nyanja yomweyo mu 1980 inadzaza mpaka kulowa m'nyumba za anthu, ndipo mu 2024 inachitanso chimodzimodzi, mahotela a m'mphepete mwake n'kumira. Napolo naye si mlendo. Anadutsa ku Zomba mu Disembala 1946, ndipo mu Malichi 1991 anatsika m'phiri la Michesi ku Phalombe n'kupha anthu mazanamazana.

Ndiye munthu wodziwa zonsezi mukamuuza kuti madzi osefukira ndi chinthu chachilendo chobwera dzana, amakuyang'anani n'kuona mwana amene sanafunse akuluakulu. Akakupezani bodza pa mfundo imodzi imeneyi, zina zonse zomwe munganene, ngakhale zoona, amazitayira kudzala limodzi. Okayikira ambiri kwathu kuno sanapangidwe ndi intaneti ayi. Anapangidwa ndi alangizi ndi akuluakulu a mabungwe omwe amakokomeza nkhani.

Pomwe agogo amaphonya ndi apa: chinthu kukhala chakale sikutanthauza kuti sichikukula. Nkhani ya kutentha kwa dziko sinayambire m'mawekishopu a ku Mangochi kapena ku Mponela. Mu 1856 mayi wina wa ku America, Eunice Foote, anaonetsa kuti botolo lodzaza mpweya wa kaboni limatentha kwambiri padzuwa kuposa lokhala ndi mpweya wamba. John Tyndall ku Britain anayeza mu 1859 momwe mpweya umenewu umatsekerera kutentha. Mu 1896 Svante Arrhenius wa ku Sweden anawerengera kuti mpweyawu ukachuluka kumwamba dziko lidzatentha. Palibe bungwe lomwe linapatsa anthu amenewa alawansi kuti anene zimenezi, ndipo nthawi imeneyo kunalibe thumba la ndalama za nyengo loti wina alinyengerere. Kuyambira mu 1958 mpweya wakhala ukuyezedwa paphiri la Mauna Loa ku Hawaii. Poyamba kaboni anali magawo pafupifupi 315 pa magawo 1 miliyoni aliwonse a mpweya. Lero wadutsa 420, pomwe mafakitale asanayambe anali cha m'ma 280. Chaka cha 2024 ndicho chinatentha kuposa zaka zonse chiyambireni kuyeza, pafupifupi digiri imodzi ndi theka pamwamba pa momwe kunkakhalira kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mpweya ukatentha ndi digiri imodzi umasenza chinyontho chochulukirapo ndi pafupifupi 7 peresenti, ndipo chinyonthocho chimatsika ndithu, nthawi zambiri mwakamodzi. Izi n'zoyezedwa, ndipo aliyense wofuna kuzitsutsa abwere ndi miyeso yake.

Funso lofunika tsono ndi lakuti: pa ngozi zomwe zatigwera ifeyo, sayansi yomweyo ikuti chiyani? Yankho lake silofanana ndi la m'malankhulidwe a pamsonkhano.

Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130, ndipo dziko linakhala likuvutika ndi kuzimazima kwa magetsi kupitirira chaka. Akatswiri a World Weather Attribution atafufuza anamondwe a nyengo imeneyo anati inde, kutentha kwa dziko kunawonjezera mvula. Koma analephera kunena kuti kunawonjezera ndi mlingo wanji, chifukwa cha chinthu chochititsa manyazi. Pa malo 23 oyezera nyengo a kudera lokhudzidwa ku Mozambique, anayi okha ndiwo anali ndi kaundula wokwanira kuyambira mu 1981. Ku Malawi ndi ku Madagascar sanapeze malo ngakhale amodzi omwe akanatha kugwiritsa ntchito pa kafukufukuyo. Dziko lomwe atsogoleri ake amatchula kusintha kwa nyengo m'mawa ndi madzulo linalibe chopereka pomwe kunafunika manambala.

Chilala cha 2024 ndiye nkhani yake ndi ina. Zambia inalengeza kuti yagwa m'ngozi kumapeto kwa Febuluwale, ndipo mu Malichi Malawi inalengeza zomwezo m'maboma 23 mwa maboma 28. Aliyense anathamangira mawu aja. Koma mu Epulo akatswiri omwe aja anati chomwe chinaumitsa chimanga m'mwezi wa Febuluwale kum'mwera kwa Africa kuno kwenikweni ndi El Niño, ndipo sanapeze umboni woti kutentha kwa dziko ndiko kunachepetsa mvulayo. El Niño ndi kutentha kwa madzi a m'nyanja ya Pacific chakufupi ndi Peru, komwe kumabwera pakapita zaka ziwiri mpaka zisanu ndi ziwiri, ndipo asodzi a kumeneko anakudziwa kalekale. Chilala cha 1992 ndi cha 2016 chinadza m'zaka za El Niño. Wa 2024 yu anali atalengezedwa miyezi yambiri mbewu isanalowe m'nthaka. Kusiyanitsa zinthu ziwirizi si kulimbana ndi mawu chabe. Mukati "kusintha kwa nyengo", wolakwa ali kutsidya kwa nyanja. Mukati "El Niño yemwe tinachenjezedwa mu Juni 2023", funso limabwerera kuno: nanga nkhokwe munali chiyani, masikimu a ulimi wothirira anali pati, ndipo alimi anauzidwa liti zodzala chinangwa, mbatata ndi mapira? Tisaiwale kuti njala ya 2002 inatipeza chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa. Mitambo sinasaine chikalata chogulitsira chimanga chimenecho.

Tifike pa Freddy, chifukwa ndipo pamene pamapweteka. Namondwe ameneyu anabadwira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, anaoloka nyanja yonse ya India, anamenya Madagascar, anamenya Mozambique kawiri, ndipo bungwe la World Meteorological Organization linadzatsimikiza kuti anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wodziwika. Mvula yake inali yoopsa zedi. Ku Nkhulambe m'boma la Phalombe inadutsa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha, yomwe ndi mvula ya chaka chathunthu m'madera ambiri a dziko lino. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa, ndipo oposa 650,000 anathawa m'makomo mwawo. Mvula yotere ikanaononga paliponse. M'mbali mwa phiri la Mulanje, ndi ku Chiradzulu komwe mudzi wa Ntauchira unakwiririka, matope ndi miyala zinatsikira anthu omwe anakhala pamalopo kuyambira makolo awo, ndipo sindikuwaloza chala. Ngakhale nkhalango yowirira imagumuka nthaka ikakhuta madzi chotere.

Koma ku Chilobwe nkhani siyomweyo. Phiri la Soche ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma, papepala. Aliyense wokhala mu Blantyre wakhala akuona nyumba zikukwera phirilo chaka ndi chaka, mitengo ikutsika, mpaka pena nyumba kumangidwa pansi pa chimwala chenicheni, pena m'khwawa momwe madzi ankadutsa. Malo amenewa sanagwe kumwamba. Alipo anagulitsa, alipo analandira ya chanza, alipo anaona ali m'galimoto ya boma n'kuyang'ana kumbali, ndipo alipo andale omwe nthawi iliyonse nkhani yosamutsa anthu ikayambika ankaizimitsa poopa mavoti. Wogula naye ndi munthu wothawa lendi, yemwe puloti yovomerezeka sakanaikwanitsa, ndipo mzinda sunamukonzere malo ena otsika mtengo. Ndirande anametedwa mpala m'zaka zoyambirira za matipate, tonse tikuona. Ngalande za m'tauni zadzaza mapulasitiki omwe analetsedwa mu 2015, khoti lalikulu la apilo n'kuvomereza chiletsocho mu 2019, koma makampani akhala akuthamangira kukhoti kukatenga ziletso zina, majumbo n'kumagulitsidwabe pamsika uliwonse. A zanyengo anachenjeza za Freddy masiku angapo asanafike, ndipo pa ichi ayamikidwe. Koma chenjezo loti "samukirani kumalo otetezeka" limathandiza chiyani kwa mayi wa ana anayi usiku wa mvula, ngati sanauzidwe kuti malo otetezekawo ndi sukulu iti, tchalitchi chiti, ndipo akafika kumeneko adya chiyani? Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Ku Chilobwe madzi anangobwerera kwawo, n'kupezako anthu.

Tsono funsani: ndani anayankhapo mlandu pa mapuloti a pa Soche? Tinalira masiku 14 monga dziko, tinalandira matumba a ufa ndi mabulangeti, akuluakulu anajambulitsa atavala magambuti. Mawu aja anagwira ntchito yake bwinobwino.

Makolo athu ankati phiri likagumuka ndiye kuti Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri, chikusamukira kunyanja. Ophunzira amaseka chikhulupiriro chimenechi, koma momwe ambiri a iwo amagwiritsira ntchito mawu oti kusintha kwa nyengo sizikusiyana. Ndi chinthu chachikulu, chosaoneka, chochokera kutali, chomwe sungachisumire kwa amfumu kapena kukhoti, ndipo chikadutsa aliyense amatsala wosalakwa. Kungoti makolowo anali nako kuchenjera kwina: pomwe Napolo wadutsa ankapalemekeza, sankathamangira kumangapo.

Onaninso mbiri ya malamulo. Ngozi ya ku Phalombe ya 1991 ndiyo inabala lamulo loyamba loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi chaka chomwecho. Lamulolo linatsamira kwambiri pa kugawa thandizo ngozi itachitika kale. Kwa zaka zambiri akatswiri ankapempha lamulo latsopano lokhudza kupewa. Mu Januwale 2015 madzi anamiza Nsanje ndi Chikwawa, anthu oposa 100 anafa, bilu inakhalabe m'kabati. Mu 2019 kunabwera namondwe wa Idai, mu 2022 Ana ndi Gombe, bilu osasuntha. Aphungu anadzaivomereza mu Epulo 2023, mitembo ya Freddy isanathe kufukulidwa. Zaka 32 zimenezi sizinachedwetsedwe ndi utsi wa ku America.

Kolera wa 2022 mpaka 2023, yemwe anapha anthu oposa 1,700, nayenso anavekedwa chovala chomwecho. N'zoona kuti anayamba anamondwe atangogumula zimbudzi ndi zitsime. Koma anapitirira m'chilimwe monse, nafika Nkhata Bay, Lilongwe ndi madera ena komwe namondwe sanapondeko. Kolera amayenda m'madzi akumwa osakanikirana ndi chimbudzi, ndipo mayiko omwe anamuthetsa anamuthetsa ndi mapaipi.

Ndikudziwa chomwe ena anganene, ndipo si chopanda nzeru. Ati kulankhula motere n'kupatsa mkondo adani. Ku America a Donald Trump anatulutsa dziko lawo m'pangano la Paris lochepetsa kutentha kwa dziko kawiri konse, ndipo alipo ambiri kumeneko omwe angasangalale kumva Mmalawi akunena kuti vuto ndi lathu lomwe. Atinso dziko lathu lili ndi mlandu weniweni wofunika kulipidwa. Pamenepa ndikuvomereza ndi mtima wonse. Mmalawi amatulutsa mpweya wa kaboni pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a tani imodzi pachaka, pomwe wa ku America amatulutsa matani oposa 10. Africa yonse siifika ndi 4 peresenti yomwe ya utsi wa dziko lapansi. Mayiko olemera analonjeza ku Copenhagen mu 2009 kuti pofika 2020 azidzapereka madola 100 biliyoni pachaka kwa mayiko osauka pa nkhani za nyengo, ndipo anachedwa kukwaniritsa. Thumba lolipirira zoonongeka linavomerezedwa ku Sharm el-Sheikh mu 2022, koma malonjezo oyamba ku Dubai mu 2023 anali cha m'ma madola 700 miliyoni basi, ndalama yosakwana n'kukonza zomwe Freddy anaononga m'mayiko omwe anadutsa. Ngongole imeneyi ilipo ndipo tiziitchula mosanyengerera.

Komatu amene akukatenga ngongole yake amapita ndi kaundula wolondola. Ukaphatikizamo mbuzi yomwe unagulitsa wekha, wangongoleyo amapeza pothawira, n'kukana ndi zoona zomwe. Nkhani ya ku Madagascar ija otsutsa kusintha kwa nyengo akhoza kuigwiritsa ntchito mpaka kalekale, ndipo amene anawapatsa mkondowo si akatswiri omwe anakonza cholakwikacho, koma amene anakokomeza poyamba. Palinso china chomwe sitimakonda kuchinena poyera. Mawu amenewa ali ndi ndalama. Pulojekiti yokumba ngalande kapena kukonza chimbudzi cha pamsika siikopa wopereka thandizo, koma mukaipaka mawu a nyengo pachikuto imadutsa. Choncho aliyense waphunzira chilankhulo chake, kuyambira kulikulu mpaka komiti ya m'mudzi, ndipo anthu wamba amaona galimoto zoyera ndi ma T-shirt zikuchuluka pomwe mtsinje ukusefukirabe pamalo omwewo. Akamati "nkhaniyi ndi yodyera", sakunena za Arrhenius. Akunena zomwe akuona ndi maso.

Nkhani ya mitengo ndiyo yasokonezedwa kuposa zonse. Mlimi amauzidwa kuti mvula yasintha chifukwa iye anadula mitengo. Kenaka amamva pa wailesi kuti yasintha chifukwa cha mafakitale akunja. Ziwirizi zaphatikizidwa mpaka palibe akudziwa chomwe chikuchititsa chinzake. Kutentha kwa dziko lonse kukuchokera makamaka ku malasha, mafuta ndi gasi, ndipo woyatsa makala wa ku Neno ali ndi gawo lochepetsetsa pamenepo. Chomwe kudula mitengo kwathu kukuchita ndi chapafupi komanso chachangu: madzi sakulowa pansi, akuthamanga ndi dothi, mitsinje ikukwiririka n'kumasefukira ndi mvula yochepa, matope akudzaza pa Nkula ndi pa Walker's Ferry pomwe Blantyre amapopa madzi, zitsime zikuuma mu Seputembala. Zimenezi zikanachitika ngakhale dziko likanakhala losatentha. Mu 1966 tinalipo anthu 4 miliyoni, pa kalembera wa 2018 tinali 17.5 miliyoni, pa nthaka yomweyo, ndipo mabanja oposa 9 pa 10 aliwonse amaphikira nkhuni kapena makala. Asilikali anatumizidwa kukalondera Dzalanyama mu 2015, lamulo la zankhalango linakhwimitsidwa, anyamata a njinga amalandidwa matumba pamalodibuloko. Koma thumba la makala silipita kumudzi. Limapita ku Area 25, ku Chilomoni, ngakhale kumayadi, komwe mbaula imayaka chifukwa magetsi azima kapena gasi wakwera mtengo. Ndipo Chikangawa, nkhalango ya mahekitala oposa 50,000, sinathe ndi anyamata a njinga. Inatha ndi malole okhala ndi ziphaso. Mkungudza wa pa Mulanje, mtengo wa fuko lathu, unadulidwa mpaka kutsala yowerengeka pa phiri lomwe lili ndi alonda.

Chaka chilichonse kuyambira pakati pa Disembala mpaka pakati pa Epulo timakhala ndi nyengo yodzala mitengo, monga tinkachitira pa 21 Januwale m'nthawi ya Kamuzu. Timamva za mbande mamiliyoni makumimakumi. Mitengo yonse yomwe inalengezedwa pa zaka 40 zapitazi ikanakhala kuti inamera, bwenzi tikusowa polima. Apa ndiye pofunika wokayikira weniweni, woti apite mu Okutobala pamalo pomwe bwana anathirira mbande mu Januwale, akawerenge zomwe zapulumuka ku mbuzi, chiswe ndi moto wa osaka mbewa. Alimi ena anazindikira kale kuti kusiya zitsa ziphukire ndi kusamala misangu m'munda kumabweza mitengo mwachangu kuposa mbande za mwambo, koma chitsa chophukira sichikoma pachithunzi.

Kuchigwa cha Shire nako kukayika kwa anthu kuli ndi mutu. Chaka ndi chaka timawanyoza anthu a ku Makhanga ndi a kwa Nyachikadza kuti ndi osamva, akukana kusamukira kumtunda, mwina akufuna zaulere. Koma munthu amene amakolola kawiri pachaka kudimba, pa dothi lomwe madzi omwewo amabweretsa, osathira feteleza, mukamupatsa malo a miyala kumtunda opanda mjigo, opanda munda, pansi pa mfumu ina, ndiye kuti mwamupulumutsa kumadzi n'kumupereka kunjala. Akakana, wawerengera bwino kuposa inu. Yankho lomwe ambiri a iwo akhala akunena ndi lomveka: nyumba kumtunda, munda kudimba, ndi njira yodalirika pakati pake. Limafuna malo ogulidwa mwachilungamo ndi ndalama zoti zifikedi, ndiye n'chifukwa chake n'kosavuta kungoti anthuwo sakumvetsa za kusintha kwa nyengo.

Chomwe ndikupempha n'chaching'ono poyerekeza ndi ndalama zomwe zimathera m'maulendo a ku misonkhano ya mayiko yokambirana za nyengo yotchedwa COP. Ngozi iliyonse yaikulu ikachitika, pakhale kafukufuku woima payekha, lipoti lake liperekedwe ku Nyumba ya Malamulo ndipo liwerengedwe pa wailesi m'Chichewa, m'Chitumbuka, m'Chiyao, m'Chisena ndi m'Chilomwe. Lipotilo linene kuti mvula inagwa yochuluka bwanji poyerekeza ndi zaka za m'mbuyo, chenjezo linatuluka liti ndipo linafika kwa yani, nyumba zomwe zinagwa zinali pamalo ovomerezeka kapena ayi ndipo anagawa malowo ndani, mlatho womwe unakokoloka anamanga ndi kontilakitala uti ndipo anauvomereza ndi injiniya uti. Gawo lomwe ndi la kutentha kwa dziko tipite nalo kwa otentha dzikowo ndi manambala m'manja. Gawo lomwe ndi lathu lipite kukhonsolo, kupolisi ndi kukhoti.

Kuti zimenezi zitheke pafunika miyeso, ndipo chipangizo choyezera mvula si ndege. Sukulu ya sekondale iliyonse, ofesi ya zaulimi iliyonse ndi chipatala chilichonse cha mishoni chikhoza kukhala nacho, ndi munthu wolemba tsiku ndi tsiku, wolipidwa panthawi yake, manambalawo n'kumaikidwa poyera kuti wophunzira wa ku Zomba kapena ku Bunda awapeze osalemba kalata yopempha. Amishoni ndi eni minda ya tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo ankalemba mvula m'mabuku zaka 100 zapitazo ndi pensulo. Mabuku amenewo, pamodzi ndi a nthambi ya zanyengo, asonkhanitsidwe ndi kulowetsedwa m'kompyuta chiswe chisanawamalize.